Ndiwo Zopanda Mchere

Mimba yanga inawonongekera ku Joni. Mpaka lero ndimadya ngati mwana: phala, mbatata yophika, nsomba yowiritsa. Anthu akafunsa chimene ndinabwera nacho kumigodi ndimati njinga, malata ndi mimba. Njinga inatha kalekale. Malata anadyeka ndi dzimbiri. Mimba ndikadali nayo, ndipo inatsala pang'ono kundithetsera banja. Ana anga nkhaniyi amaimva kwa mai awo. Ine sindinawauzepo. Kulankhula kumanditopetsa, ndiye ndalemba.

Kwathu ndi kwa Malemia, ku Nsanje. Sukulu ndinalekezera kupulayimale. Bambo anamwalira ndili mnyamata, ndinatsala ndi mai ndi mng'ono wanga. Ndinakwatira Joana, mwana wa kwa Mlolo, tsidya lina la Shire. Ife Asena timalowola, mkazi amadzakhala kwa mwamuna. Choncho Joana anabwera pakhomo pa mai, n'kumaphika pamafuwa a mai, n'kumatunga madzi ndi mtsuko wa mai. Chaka chimene mwana wathu Tereza anabadwa, madzi anakokolola mbewu za kudimba, thonje la kumtunda linapsa ndi dzuwa. Tinadya nyika, timizu ta maluwa a m'dambo, mpaka kukhosi kukana. Ndinakalembetsa za ku Joni.

Tsiku lonyamuka Joana anandiperekeza kusiteshoni, Tereza ali kumbuyo. Pachipata panali anyamata a chipani akufunsa makhadi. Ndinaonetsa langa, iye lake. Anandipatsa chigumu cha mapira chokulunga m'masamba a nthochi. Anati ndizidya, ndisamaiwale kupemphera. Ndinati chabwino. Sitima inawoloka pa Chiromo, ndinayang'ana madzi, kenako ndinagona. Kwinako anatikweza ndege. Sindinaikonde.

Kukomponi tinkagona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, pamabedi a simenti osanjikizana, mbaula ya malasha ili pakati. Kusanache tinkafola pamzere wa kheji, chikepe chachitsulo chotsitsira anthu pansi. Ntchito yanga inali ya malayisha, kuwola miyala ndi fosholo n'kuponya m'ngolo. Munthu sunkaimirira bwino, denga linali pamutu pomwepa. Kwathu ku Nsanje kumatentha, koma madzulo kumabwera kamphepo ka kumtsinje. Pansi paja kulibe madzulo.

Zakudya zinalipo, sindinganame. Vuto linali kadyedwe. Unkatsika ndi botolo la mahewu ndi chibanzi chimodzi, tsiku lonse m'mimba muli zimenezo basi. Potuluka unkathamangira kukhitchini ndi mbale ziwiri, n'kukupakulira nsima yolimba ngati njerwa, nyemba ndi nyama zosambira m'mafuta. Tinkathirapo tsabola wambiri kuti zipite. Tinkameza osatafuna, n'kukadziponya pasimenti. Ambiri ankadandaula chilungulira. Aliyense anali ndi kachitini ka soda pamutu pa bedi, ngati fodya.

Mnzanga wa pafosholo anali Binzi, Mmang'anja wa kwa Kasisi. Anali wamfupi, wa pakamwa posatseka. Ankanditcha Nkhabe, mawu akwathu otanthauza kuti ayi, poti ati ndi okhawo amene anandimvapo ndikunena. Fodya nkhabe, mowa nkhabe, nkhani nkhabe.

"Iwe Nkhabe," ankatero tili mu kheji, "pakamwa pakopo anakulipiritsa msonkho? Tsegulako pang'ono mphepo ilowe, muwola m'menemo."

Ndinkangomuyang'ana. Iye ankadziyankha yekha ndi Chisena chopotoka, anthu n'kuseka. Ankati ife a ku Nsanje tinabadwira m'madzi, n'chifukwa chake tili duu ngati milamba. Koma mahewu anga akatha ankandigawira ake osanena kanthu. Pamenepo pokha ankakhala chete.

M'chipinda mwathu munalinso a Zuze, bambo wachikulire woyendetsa makina okoka ngolo. Anabadwira ku Mozambiki, anakulira kwa Mlolo, ndipo makolo a Joana ankawadziwa. Anali mkulu wa mpingo. Lamulungu ankatisonkhanitsa kuseri kwa holo, ena tikhale pazitini, ena pansi. Sankakuwa polalikira. Ine ndinkapita chifukwa Joana anandiuza kuti ndizipita. Nyimbo ndinkaimbira m'mphuno. Kupemphera mokweza sindinayesepo.

Zaka zoyamba zinayenda choncho. Ndinkatumiza zimene ndikanatha, mai anagula malata, Joana anagula mbuzi. Kontrakiti itatha ndinabwerako kanthawi kochepa, ndinafolera nyumba, ndinabwereranso. Ulendo wachiwiri ndi umene unandiphwanya.

Mwala ukafuna kugwa umayamba walira ngati nkhuni zouma. Tsiku limenelo unalira kamodzi kokha. Tinathawa chokwawa. Binzi anali kumbuyo. Fumbi litachepa tinabwerera, tinamupeza chimwala chamupana kuyambira m'chiuno kutsika. Anali moyo. Ena anathamangira kukaitana anthu a zitsulo zonyamulira. Ine ndinakhala pansi, ndinaika mutu wake pamwendo panga. Anapempha madzi, ndinamupatsa. Nyali ya pachipewa changa inkamuwalira kumaso, ndinaipotoza.

"Nkhabe," anatero, "lero lankhula ndiwe. Ine ndatopa."

Ndinafunafuna mawu. Ndinafuna kunena pemphero, kapena dzina la mwana wake, kapena chilichonse. Ndinangomugwira mutu. Anthu a zitsulo pofika anali atapita. M'mawa mwake kapitawo anatitsitsira pamalo pomwepo, tinawola miyala yomweyo.

Kumigodi kunali chikhulupiriro chakuti mwala sugwera munthu chabe. Ukagwa ndiye kuti mkazi kumudzi wayenda ndi mwamuna wina. Madzulo ake anthu anazungulira mbaula n'kumanena mkazi wa Binzi, munthu amene sanamuonepo. A Zuze anawadzudzula. Anati mkazi ali kwa Kasisi akupalira chimanga sangagwedeze mwala wa pansi pa dziko la eni, ndipo aliyense akudziwa kuti mizati yochirikiza denga inali yochepa pamalo paja. Anthu anadikira mpaka a Zuze atatuluka, kenako anapitiriza. Ndinapinda bulangete la Binzi, ndinakapereka kuofesi.

Kuyambira pamenepo chilungulira changa chinasanduka china. Pansi pa chifuwa pankayaka ngati wina wasiyapo khala la moto. Njala ikandigwira pankapweteka, ndikadya pankaleka pang'ono, kenako n'kuyambiranso. Tulo tinathawa. Mutu unkawawa, ndiye ndinkagula timapepala ta ufa wa mutu kusitolo ya pakomponi, n'kumamwa m'mimba mulibe kanthu. Soda ndinkanyambita ngati shuga. Kuchimbudzi kunayamba kutuluka zakuda ngati phula. Lamba ndinaboola bowo lina, kenako linanso. Sindinauze munthu.

Tsiku lina tili pamzere wa kheji ndinasanza magazi pa nsapato za munthu wa kutsogolo kwanga. Anandinyamula anthu a m'chipinda mwathu. Ndili m'manja mwawo ndinawamva akunong'onezana. Wina anati ili ndi tsempho. Tsempho ndi nthenda imene kwathu amati imagwira mwamuna mkazi wake akachita chigololo: munthu amaonda, amatsokomola, amasanza magazi. Wina anati akazi a kumadambo ndi otero, asodzi amadutsa tsiku ndi tsiku ndi nsomba m'manja. Ankayesa ndakomoka. Ndinamva zonse.

Mawu amenewo anandilowa. Joana sanandilakwirepo, ndinkadziwa. Komabe pabedi la chipatala ndinkamuona ali padooko, akuseka ndi munthu wopanda nkhope. Chithunzi chimenecho chikabwera, m'mimba munkapota nthawi yomweyo, ngati wina akufinya nsalu yochapa. Ndikachithamangitsa kunkabwera Binzi. Ankasinthana choncho, ngati mashifiti.

Dokotala anandimwetsa phala loyera ngati laimu, anandiunika, ananena kudzera mwa womasulira kuti ndili ndi zilonda za m'mimba. Anati ndisiye ufa wa mutu uja, ndisiye tsabola, zokazinga ndi mchere wambiri. Ndizidya pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Anandipatsa botolo la mankhwala oyera. Anafunsa ngati pali chimene chikundidetsa nkhawa. Ndinati palibe.

A Zuze anabwera Lamulungu masana, atanyamula mkaka m'botolo. Anakhala pampando. Kenako anati tipemphere, ndipo ndiyambe ndine. Ndinati Mulungu akudziwa kale.

"Akudziwa, inde," anatero. "Wosowa kumva si Iye. Wosowa kulavula ndiwe. Thupi ili ndi nyumba imene anatibwereka, mwananga. Iwe m'nyumba yobwereka wasungamo maliro, watseka chitseko. Ukuyesa simununkha?"

Ndinayang'ana kukhoma. Anadikira. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinawauza za Binzi, zimene anandipempha, ndi kuti ndinalephera. Mawu anali ochepa, ankatuluka ngati miyala. Ndinalira, zimene sindinachite ngakhale pamaliro a bambo. A Zuze sanandiletse. Anati Binzi sanafe yekha, anafera pamwendo pa mnzake, ndipo dzanja nalo ndi pemphero. Kenako anapereka Binzi kwa Mulungu ndi mawu awo, ine ndinangoti ameni. Madzulo amenewo ndinamwa phala mbale yonse, ndipo linakhala.

Za Joana sindinawauze. Anadziwa okha. Ponyamuka anati za tsempho zija ndisanyamule kupita nazo kumudzi. Anati Akhristu ena munthu akadwala amathamangira kunena tchimo, ena amathamangira kunena mkazi, koma chilonda ndi chilonda. Amene analenga mimba ndi Yemweyo anapatsa dokotala nzeru. Mankhwala ndizimwa, kupemphera ndizipemphera, ndipo chimene chandikhala pamtima ndizichinena dzuwa lisanalowe. Ndinavomera ndi mutu. Ziwiri zoyambazo ndinasunga.

Sanandibwezerenso pansi. Anati thupi langa silikwananso ntchito ya mgodi, ndibwerere kwathu kontrakiti isanathe. Kwa mwamuna wa nthawi imeneyo chinali chamanyazi. Wochokera ku Joni ankafika atanenepa, wailesi ili paphewa, ana akumuthamangira. Ine ndinatsika sitima ku Nsanje mwezi wa dzuwa loopsa nditavala jekete, kubisa nthiti.

Pakhomo zinthu zinali zitasintha. Mai anali atawerama msana, koma maso ali akuthwa ngati kale. Mng'ono wanga anali atapita ku Nchalo kukadula nzimbe. Tereza atandiona anathawira kuseri kwa nkhokwe, anati kwabwera alendo. Anthu anabwera kudzaona njinga ndi bokosi. Onse ndinawauza kuti kontrakiti yatha. Za kuonda ndinati ndi ulendo.

Joana yekha ndi amene ndinamuuza, tili panjira ya kudimba. Ndinati ndili ndi zilonda m'mimba, adokotala aletsa tsabola, mafuta ndi mchere. Adokotala anati mchere wambiri, ine ndinangoti mchere. Ndimadula mawu, ndi mmene ndilili. Ndinatinso asauze munthu aliyense, ngakhale mai. Anandiyang'ana, anati wamva.

Joana akamva chinthu amachigwira ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo anasiyiratu kuthira mchere mumphika. Pakhomo tinkaphika mphika umodzi, ndiye iye ankapakula ndiwo zosalawa mchere, n'kuika mchere pakambale pambali kuti wofuna adzithirire. Ine ndinaona kuti ndi zabwino. Sindinaganize za maso a mai.

Kwathu mkazi saleka kuthira mchere popanda chifukwa. Amaleka akakhala kumwezi, masiku ochepa, kenako amayambiranso. Akaleka nthawi yaitali, akuluakulu amadziwa tanthauzo lake: wagona ndi mwamuna wina, ndipo akuopa kuti akathira mchere ndi dzanja lake apha mwamuna wake ndi tsempho. Ndi kuulula kopanda mawu. Mai anaona sabata yoyamba, anati ndi kumwezi. Yachiwiri inadutsa. Mwezi unatha, wina unayamba, kambale ka mchere kali pambali. Mai anali a gulu la amayi kutchalitchi, osajomba, koma za mchere anazimva kwa mai awo asanamve za ubatizo. Anayamba kudyera kwaokha. Anasiya kutchula dzina la Joana, n'kumangoti uyo. Ine ndinkati ndi ukalamba. Nkhani za akazi zimakambidwa pamtondo, mwamuna amamva pomaliza.

Nanenso sindinali bwino. Mawu a pamzere wa kheji aja ndinabwera nawo, ngakhale a Zuze anandiletsa. Joana akachedwa kumadzi ndinkayang'ana dzuwa. Msodzi akamupatsa moni ndinkamvetsera mmene wayankhira. Sindinamufunse kanthu. Sindinamukalipire. Ndinkangokhala pakhonde ngati chitsa, iye n'kumayenda mondilambalala. Kutchalitchi tsiku la Mgonero abusa anati amene ali ndi kanthu ndi mnzake ayambe wakonza. Ndinakhala pabenchi, ena akupita kutsogolo. Joana anandiyang'ana kuchokera kumbali ya amayi. Mankhwala oyera anali atatha, ndipo moto uja unabwerera, ngakhale ndinkadya zopanda tsabola, zopanda mafuta, zopanda mchere.

M'mawa wina tikusosa m'munda wa thonje ndinagwada n'kusanza magazi. Mai anali mzere wachitatu kuchokera pamene ndinali. Anabwera, anayang'ana pansi, anafotsera ndi khasu. Anayang'ana Joana.

Tsiku lotsatira ndinapalasa njinga pang'onopang'ono kupita kuchipatala cha paboma, anandipatsa botolo lina. Pobwera dzuwa lili pamutu ndinapeza anthu pansi pa mtengo wa masawu. Panali a Tchale, mng'ono wa malemu bambo, amene timawatcha baba. Panali mai ndi amayi ena awiri achikulire. Joana anakhala pansi payekha, miyendo atatambasula, Tereza atamutsamira. Pambali pake panali mtolo womanga ndi chitenje, mphika wake uli pamwamba. Baba anati ndikhale. Anati alankhula kale ndi mwini bwato, awolotsa Joana madzulo kupita kwao kwa Mlolo, mwana atsala poti ndi wa pakhomo pano. Zotsala akakambirana ndi akwawo.

Mai anafotokoza mlandu. Sanakweze mawu. Anati mwana wawo anapita ku Joni ali ndi thupi, wabwera ali mafupa. Anati iwo awerenga miyezi, ndipo palibe mkazi amene amakhala kumwezi osatsikako. Anati dzulo aona magazi ndi maso awo. Anaika kale mwamuna m'manda, safuna kuikanso mwana chifukwa cha munthu wobwera. Amayi awiri aja ankavomereza ndi mitu.

Baba anafunsa Joana chifukwa chimene sathirira mchere. Anayankha kuti alibe mawu. Anamufunsanso, anayankha chimodzimodzi. Sanalire. Anayang'ana ine kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Ndinali nditamuuza kuti asauze munthu, ndipo sankauza, ngakhale mtolo uli pambali pake.

Kenako baba anatembenukira kwa ine. Anati mwini mkazi ndine, ngati ndili ndi mawu ndinene. Ananena mwamwambo chabe, anali atayamba kale kufuna ndodo yawo. Onse ankandidziwa. Kukhala chete kwanga kukanakhala kuvomera.

M'mimba munkayaka. Ndinakumbukira tsiku lija pansi pa mgodi. Ndinati mumtima, Ambuye, nditsegulireni. Pemphero lonse linali lomwelo.

"Ndine ndinamuletsa," ndinatero.

Baba anasiya ndodo. Ndinavula jekete kuti aone. Ndinawauza kuti kontrakiti sinathe, anachita kundibweza ngati khasu lothyoka. Ndinatulutsa botolo la mankhwala m'thumba, ndinaliika pakati. Ndinanena za zilonda, za dokotala, za mawu amene ndinauza Joana panjira ya kudimba. Ndinanena za mahewu ndi ufa wa mutu. Ndinanenanso za Binzi, kuti magazi oyamba anabwera iye atafera pamwendo panga, ndipo nthawi imeneyo Joana anali kuno akupalira munda wa mai. Sindinalankhulepo nthawi yaitali choncho. Tereza ankandiyang'anitsitsa.

Mai sanagonje msanga. Anati azungu sadziwa tsempho, amangolitcha dzina lina. Anati nthenda imeneyi imatsata munthu ngakhale ali kutali.

"Mai," ndinatero, "ku Joni amene ankandithirira mchere anali bambo wandevu, wa mtundu wa Chishangani, ankathira ndi chitini mumgolo wa anthu mazana. Ngati ndi tsempho, mukafunse iyeyo kumene ankagona."

Baba anaseka mpaka kutsokomola. Mmodzi wa amayi aja anabisa kukamwa ndi nsalu. Mai sanaseke. Anati ngati zili choncho, uyo athire mchere lero, pamaso pawo, ine ndidye, tione.

Pamenepo panali msampha, ngakhale mai sanautchere dala. Mimba yanga ikanapweteka ndithu, mchere kapena popanda mchere. Ikanatha kutulutsanso magazi mawa lomwelo, ndipo mtolo ukanamangidwanso. Ndinawauza zimenezo poyera. Ndinati athira, ndidya, ndipo m'mimba mupweteka, chifukwa muli chilonda. Mukapweteka ndidzanena, sindidzabisanso, koma asadzatchule dzina la Joana. Ndinati ngati akufunabe kuti awoloke, mwini bwato asunge malo a anthu atatu, ine ndikakhala chikamwini kwa Mlolo.

Msena kukakhala kwa mkazi ndi chinthu chosekedwa mpaka kumaliro. Baba analeka kuseka. Anayang'ana mai nthawi yaitali, kenako anati iwo njala yawagwira, mpongozi akaphike timve.

Joana ananyamuka, anachotsa mphika pamtolo, mtolowo anausiya uli womanga. Ndinamutsatira mpaka pakhomo la khitchini. Ankasonkha moto osandiyang'ana. Anadula mlamba wouma, anauika m'madzi, anadulira matimati. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, kuti a kunja asamve.

"Inuyo, bambo a Tereza, munkaganiza chiyani?"

Ndikanatha kunama. Ndinati ku Joni anthu ananena zambiri, ndipo zina ndinameza.

"Ndiye mimbayo," anatero. Anakankha chikuni. Patapita kanthawi anati akanakonda ndikanamumenya ndi funso tsiku lomwe ndinafika, kusiyana ndi kumuyang'ana ngati ng'ona miyezi yonseyi. Ndinati ndamva. Anati kumva ndimamva, vuto ndi pakamwa. Ndinati pepani. Mawu amenewo ndinali ndisanamuuzepo chikwatirane.

Ndiwo zitawira anatuluka, anagwada patsogolo pa mai, anawapempha kuti abwere adzaone. Mai anabwera, anaima pakhomo. Joana anatapa mchere ndi dzanja lamanja, dzanja lodzaza, analikweza kuti lioneke, anathira, anavundula.

Tsiku limenelo tinadyera pamphasa imodzi, amuna ndi akazi, zimene sitichita. Baba anati wina adalitse chakudya, akuyang'ana mai. Ndinayamba ine. Ndinati Ambuye, mimba iyi munalenga ndinu, mkazi uyu munandipatsa ndinu, mai awa munandipatsa ndinu, tithandizeni tidye. Ndinasowa mawu ena, ndinati ameni.

Ndinatema mbamu, ndinasunsa, ndinatafuna bwinobwino monga anandiuzira dokotala. Onse ankayang'ana pakhosi panga. Ndinadya yachiwiri, yachitatu. Moto unayamba pansi pa chifuwa, monga ndinanenera. Ndinati mwayamba kupweteka, Tereza andipatsire botolo lija. Ndinamwa pamaso pa onse, ndinapuma pang'ono, ndinapitiriza kudya.

Mai anali asanakhudze mbale. Manja anali pamiyendo. Anandiyang'ana ine, anayang'ana botolo, anayang'ana mtolo uli pansi pa mtengo. Kenako anasamba m'manja, anatema kambamu kakang'ono, anasunsa m'mbale ya Joana, analawa. Anakwinya nkhope.

"Joana," anatero, "wachulutsa. Munthuyu ndi wodwala. Mawa uchepetseko."